Kompyuta yakale pamalonda: zoyenera kuchita Windows ikasiya kulandira chitetezo

M'misika ya Limbe, Lilongwe, Mzuzu, Zomba ngakhalenso m'matauni ang'onoang'ono a m'maboma, kompyuta yasanduka chipangizo chodyera ngati mmene ilili sikelo kwa wogulitsa nyemba kapena makina kwa telala. Ena amatayipirapo makalata, kupulinta ma CV ndi makadi a ukwati. Ena amaikira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mafulashi ndi m'mamemori. Enanso amasungamo kaundula wa katundu ndi mayina a anthu amene anatenga zinthu pangongole.

Ambiri mwa makompyuta amenewa anagulidwa atagwirako kale ntchito kunja, ndipo akuyendera Windows 10 kapena Windows 7. Vuto ndi lakuti kampani ya Microsoft, yomwe imapanga Windows, inasiya kusamalira mitundu iwiri yonseyi. Windows 7 inasiyidwa pa 14 Januwale 2020, ndipo Windows 10 inasiyidwa pa 14 Okutobala 2025. Wamalonda amene mpamba wake ndi wochepa sangangothamangira kukagula makina atsopano, koma sangangokhalanso chete ngati palibe chasintha.

Kusiya kusamalira n'kutani?

Windows ndi pulogalamu yaikulu imene imayendetsa china chilichonse m'kompyuta. Monga nyumba iliyonse, ili ndi ming'alu imene omanga sanaione. Akatswiri, komanso mbava za pa intaneti, amakhala akufufuza ming'alu imeneyi tsiku ndi tsiku. Ikapezeka, Microsoft imatumiza zomatira, zomwe anthu amangozitchula kuti ma update. Kawirikawiri zimatuluka Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse.

Tsiku losiya kusamalira likakwana, kompyuta sizima. Imayaka bwinobwino, pulinta imagwira, mafayilo onse amakhalapo. Chimene chimatha ndi kumata kuja. Mng'alu uliwonse umene wapezeka tsikulo litadutsa umakhala wotsegula mpaka kalekale.

Palinso china chimene ambiri sachidziwa. Windows 10 ndi Windows 11 zimafanana zambiri mkati mwake. Microsoft ikamata mng'alu mu Windows 11, mbava zimaphunzira chomatiracho, n'kudziwa pamene panali pofooka, kenako n'kukayesa malo omwewo pa Windows yakale. Choncho ngoziyo imakula mwezi ndi mwezi. Kompyuta ya Windows 7, yomwe yakhala zaka zingapo yosamatidwa, ili pachiopsezo chachikulu kuposa ya Windows 10. Ya Windows XP ndiye musanene, chifukwa inasiyidwa pa 8 Epulo 2014, pamene Windows 8.1 inasiyidwa pa 10 Januwale 2023.

Phunziro la mu 2017

Pa 12 Meyi 2017 vayirasi yotchedwa WannaCry inafalikira m'mayiko oposa 150 n'kugwira makompyuta oposa 200,000. Inkakhoma mafayilo onse kuti asatseguke, kenako n'kulemba uthenga wofuna madola 300 aku America kuti mwini wake apatsidwe kiyi. Ku England zipatala za boma za NHS zinasokonekera moti odwala zikwizikwi anabwezedwa osaonana ndi dokotala pa tsiku limene anapatsidwa.

Chomvetsa chisoni n'chakuti Microsoft inali itatulutsa kale chomatira cha mng'alu umenewo m'mwezi wa Malichi chaka chomwecho. Makompyuta ambiri amene anagwidwa anali a Windows 7, yomwe nthawi imeneyo inali ikusamalidwabe, koma eni ake anali asanaike chomatiracho. Zinthu zinafika poipa moti Microsoft inatulutsa chomatira chapadera cha Windows XP, ngakhale inali itaisiya zaka zitatu m'mbuyomo. Chisomo chotere sichibwera kawirikawiri, ndipo bizinesi singadalire chimenecho.

Wina angaganize kuti mbava zotere sizingataye nthawi ndi kashopu ka fotokope. Koma mavayirasi ambiri sasankha. Amangoyendayenda okha kufunafuna chitseko chosakhoma, kaya ndi cha banki kaya ndi cha okala. Chakudza sichiimba ng'oma.

Choyamba n'kudziwa zimene zili m'kompyuta

Mwini kompyuta asanawononge ndalama iliyonse, adziwe mtundu wa Windows umene ali nawo. Akadina batani la chizindikiro cha Windows pamodzi ndi chilembo R, pamatuluka kabokosi. Akalembamo mawu akuti winver n'kudina Enter, kompyuta imaonetsa dzina la Windows ndi nambala yake. Pa Windows 10, nambala yomaliza ndi 22H2. Ngati ikuonetsa nambala ina, monga 1909 kapena 21H1, ndiye kuti kompyutayo inasiya kulandira zomatira kale kwambiri, Okutobala 2025 asanafike n'komwe.

Chachiwiri ndi kudziwa purosesa, kachipangizo kamene kali ngati injini ya kompyuta. Dzina lake limapezeka mu Settings, kenako System, kenako About. Pa mapurosesa a Intel Core, nambala yoyamba pambuyo pa kamzere imasonyeza m'badwo wake. Mwachitsanzo, i5-7200U ndi ya m'badwo wa 7, i5-8250U ndi ya m'badwo wa 8, ndipo i5-10210U ndi ya m'badwo wa 10. Nambala imeneyi ndi imene ikusiyanitsa kompyuta yokhala ndi tsogolo ndi imene yatsala pang'ono kupuma.

Njira yoyamba: kukwera kupita ku Windows 11

Kwa amene ali ndi Windows 10 yovomerezeka, kupita ku Windows 11 n'kwaulere, bola makinawo akhale okwanira. Microsoft imafuna RAM yosachepera 4 GB, malo osungira zinthu osachepera 64 GB, kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, Secure Boot, komanso purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo kapena AMD Ryzen 2000 kupita m'tsogolo. Mwachidule, makompyuta ambiri opangidwa chaka cha 2018 chisanafike sakwanitsa. Pulogalamu yaulere ya Microsoft yotchedwa PC Health Check imayeza zonsezi n'kunena chimene chikusowa.

Nthawi zina kompyuta imakanidwa chonsecho ili ndi zonse, kungoti TPM inazimitsidwa mu BIOS. Wokonza makompyuta wodziwa ntchito yake amaiyatsa m'mphindi zochepa. N'chifukwa chake si bwino kugulitsa makina motchipa munthu asanafunse. Safunsa anadya phula.

Alipo okonza ena amene amaika Windows 11 mokakamiza pa makina osakwanira. Zimatheka ndithu, ndipo kompyuta imaoneka ngati yatsopano. Koma Microsoft inanena poyera kuti makina oterewa sakutsimikiziridwa kuti azilandira ma update. Wamalonda amene wasankha njira imeneyi adziwe kuti akhoza kudzapezeka pavuto lomwe lija osadziwa.

Njira yachiwiri: kugula nthawi

Kwa makompyuta a Windows 10 amene sangakwere, Microsoft inakhazikitsa ndondomeko yotchedwa Extended Security Updates, mwachidule ESU. Imapereka zomatira za chitetezo zokha, popanda zatsopano zina. Poilengeza, kampaniyi inati anthu wamba azilandira zomatirazi mpaka pa 13 Okutobala 2026, ndipo inapereka njira zitatu zolowera: kulipira madola 30, kugwiritsa ntchito mapointi 1,000 a Microsoft Rewards, kapena kulowa mwaulere polola kuti makonzedwe a kompyutayo azisungidwa pa akaunti ya Microsoft. Njira yaulereyi ndi yothandiza kwambiri kuno kumene ndalama zakunja zimavuta kupeza.

Kuti zitheke, kompyuta iyenera kukhala pa 22H2, ikhale italandira ma update onse am'mbuyo, ndipo mwini wake akhale ndi akaunti ya Microsoft. Polowera pake ndi mu Settings, kenako Update & Security, kenako Windows Update, pomwe pamaoneka mawu akuti Enroll now. Akaunti imodzi imakwanira makompyuta mpaka 10.

Makampani ndi mabungwe ali ndi mtengo wawo: madola 61 pa kompyuta iliyonse chaka choyamba, ndipo mtengowo umawirikiza kawiri chaka chilichonse, mpaka zaka zitatu. Izi zikusonyeza cholinga chake. ESU ndi mlatho woolokera, osati malo omangapo nyumba. Wamalonda wanzeru agwiritse ntchito nthawi imeneyi kusunga pang'onopang'ono ndalama za makina ena, kaya kudzera ku banki mkhonde kaya kupatula kenakake pa phindu la sabata iliyonse.

Njira yachitatu: kusiya Windows

Pali mapulogalamu ena oyendetsa kompyuta amene ndi aulere ndipo amayenda bwino pa makina akale. Odziwika kwambiri ndi Linux Mint ndi Ubuntu. Mitundu yawo ikuluikulu imasamalidwa zaka zisanu. Mwachitsanzo, Ubuntu 24.04 ndi Linux Mint 22 zikhala zikulandira zomatira mpaka 2029. Linux Mint imatha kuyenda ndi RAM ya 2 GB, ngakhale 4 GB ndi imene imapepukitsa ntchito. Imabwera ndi Firefox yolowera pa intaneti komanso LibreOffice, yomwe imatsegula mafayilo a Word ndi Excel.

Kwa wa golosale kapena wa hadiweya amene amangofuna kulemba katundu, kutumiza imelo ndi kuona mitengo pa intaneti, njira imeneyi ndi yabwino ndipo siidya mpamba. Mavayirasi ambiri a m'mafulashi, amene anapangidwira Windows, sagwiranso ntchito pa Linux.

Koma kwa wopanga makadi, zikwangwani ndi makalendala nkhani ndi ina. CorelDRAW ndi Photoshop sizinapangidwire Linux, ndipo si pulinta iliyonse imene imagwira bwino. Kalata ya kasitomala yolembedwa mu Word nthawi zina imasintha maonekedwe ikatsegulidwa mu LibreOffice. Ubwino wake ndi wakuti Linux ikhoza kuyesedwa kuchokera pa fulashi popanda kufufuta Windows. Mwini shopu ayese kaye pulinta, sikana ndi mafayilo ake enieni asanasamuke.

Njira yachinayi: kukhala nayo yakaleyo mochenjera

Ambiri adzakhalabe ndi makina akale chifukwa palibe kuchitira mwina, kapena chifukwa pulinta ndi pulogalamu imene amadyera imangogwira pa Windows imeneyo. Palibe njira yobwezeretsera chitetezo chonse, koma pali zambiri zochepetsa ngozi, ndipo pafupifupi zonse n'zaulere.

Chachikulu pa zonse ndi kuichotsa pa intaneti. Kompyuta imene ntchito yake ndi kutayipa ndi kupulinta siifunika intaneti. Waya achotsedwe, Wi-Fi izimitsidwe, ndipo mnyamata wothandiza pashopu auzidwe kuti asamailumikize ndi foni yake kuti aonere mpira. Pa Windows 7 ndi XP langizo limeneli si la mwina kapena mwina. Mabulawuza akuluakulu anazisiya kale: Chrome yomaliza kugwira pa Windows 7 ndi 8.1 ndi ya nambala 109, yotuluka kumayambiriro kwa 2023, ndipo Firefox inathera pa 115. Kulowa pa intaneti ndi bulawuza yakale pa Windows yakale kuli ngati kugona pakhomo posatseka usiku wa msika.

Pa Windows 10 zinthu zidakali bwinoko. Microsoft inalonjeza kupitiriza kutumiza mndandanda wa mavayirasi atsopano ku pulogalamu yake yachitetezo ya Microsoft Defender mpaka Okutobala 2028, ndipo mapulogalamu a Microsoft 365 azilandiranso zomatira mpaka mwezi womwewo. Koma Office 2016 ndi Office 2019, zimene zili m'mashopu ambiri, zinasiyidwa tsiku limodzi ndi Windows 10. Choncho Defender ikhale yoyaka nthawi zonse, firewall isazimitsidwe, ndipo bulawuza izipatsidwa mpata wolandira ma update ake. Kuumira kabandulo kochepa kotsitsira ma update kumadzabweretsa chiwonongeko chachikulu. Pokumbukira apa ndi pakuti antivayirasi ndi mlonda chabe. Amagwira akuba amene akuwadziwa nkhope, koma samata mng'alu wa pakhoma.

Chotsatira ndi maakaunti. Makompyuta ambiri a m'mashopu ali ndi akaunti imodzi ya Administrator, yopanda pasiwedi, imene aliyense amagwiritsa ntchito. Vayirasi ikalowera pa akaunti yotere imakhala ndi mphamvu zonse za mwini nyumba. Njira yabwino ndi kupanga akaunti yachiwiri ya Standard yogwirira ntchito za tsiku ndi tsiku, ndipo ya Administrator ikhale ndi pasiwedi imene akuidziwa mwini bizinesi yekha. Akatero, pulogalamu iliyonse yofuna kusintha zinthu zikuluzikulu imayamba yapempha pasiwediyo.

Mapulogalamu osagwira ntchito achotsedwe, chifukwa iliyonse ndi khomo lina. Adobe Flash Player, mwachitsanzo, inasiyidwa kumapeto kwa 2020 ndipo ilibenso ntchito. Remote Desktop ndi mapulogalamu olola munthu wakutali kuyendetsa kompyuta azimitsidwe ngati palibe amene amawagwiritsa ntchito.

Fulashi ya kasitomala

M'shopu yopulinta, khomo lalikulu la mavayirasi si intaneti ayi koma fulashi. Fulashi imodzi imatha kudutsa m'makompyuta a kusukulu, a kuofesi ndi a m'mashopu angapo isanafike pakauntala. Ambiri akuidziwa vayirasi ija imene imabisa mafoda n'kusiya ma shortcut okhala ndi kamuvi pakona. Munthu akadina shortcut yoteroyo, foda imatseguka ndithu, koma vayirasi nayo imakhala yalowa, ndipo iyamba kupatsira fulashi iliyonse yobwera pambuyo pake. Kasitomala amene wataya ntchito yake ya kusukulu chifukwa cha kompyuta ya pashopu sabweranso, ndipo amauza anzake.

Zoyenera kuchita ndi zitatu. Choyamba, AutoPlay izimitsidwe mu Settings, pa gawo la Devices, kuti fulashi isamadzitsegukire yokha. Chachiwiri, fulashi iliyonse iyambe yaunikidwa ndi antivayirasi isanatsegulidwe, ngakhale kasitomala akhale pa changu chotani. Chachitatu, kompyuta ikonzedwe kuti izionetsa mathero a mayina a mafayilo, podina View kenako File name extensions. Kalata yeniyeni imathera ndi .docx kapena .pdf, chithunzi ndi .jpg. Fayilo yooneka ngati kalata koma yothera ndi .exe, .scr, .vbs kapena .bat si kalata, ndipo isatsegulidwe. Chimodzimodzi kalata ya Word kapena Excel imene ikupempha kudina Enable Content: ngati yachokera kwa munthu wosadziwika, batani limenelo lisakhudzidwe.

Pa kompyuta imene ili kunja kwa intaneti, antivayirasi imakalamba chifukwa silandira mndandanda watsopano. Mndandandawo ukhoza kutsitsidwa pa kompyuta ina yotetezeka n'kubwera nawo pa fulashi ya shopu, imene siibwerekedwa kwa wina aliyense.

Mapulogalamu obedwa

Nkhani iyi ndi yovuta kuikamba koma ndi yoona. Makompyuta ambiri a m'misika ali ndi Windows, Office kapena CorelDRAW zimene zinatsegulidwa ndi timapulogalamu tachinyengo totchedwa crack. Poika timeneti, wokonza amayamba wazimitsa antivayirasi, ndipo nthawi zambiri saiyatsanso. Ena amazimitsiratu Windows Update poopa kuti chinyengocho chingadziwike. Mbava zimadziwa zimenezi, n'chifukwa chake zimakonda kubisa mapulogalamu akuba mapasiwedi mkati mwa ma crack omwewo. Chaulere chotere chimalipiridwa pambuyo pake. Amene sangakwanitse kugula Office ali ndi LibreOffice, yomwe ndi yaulere mwalamulo ndipo imagwiranso pa Windows.

Ndalama zisadutse pa makina akale

Chilichonse chokhudza ndalama chisachitikire pa kompyuta yosamatidwa. Kulowa mu akaunti ya kubanki, kulipira oodetsa katundu a ku Tanzania, South Africa kapena China, ngakhalenso kulemba za msonkho pa Msonkho Online ya MRA, zichitikire pa foni kapena kompyuta imene ikulandirabe ma update. Pali mavayirasi amene ntchito yawo ndi kungojambula chilichonse chimene munthu akutayipa n'kutumiza kwa eni ake.

Manambala achinsinsi a Airtel Money, Mpamba kapena khadi ya kubanki asalembedwe mu fayilo iliyonse ya pa kompyuta. Bulawuza ikafunsa ngati isunge pasiwedi, yankho likhale lokana. Imelo, Facebook ndi WhatsApp za bizinesi zikhale ndi chitetezo cha magawo awiri, kuti wakuba pasiwedi asathe kulowa popanda nambala yachiwiri. Amene amalandira mafayilo a makasitomala kudzera pa WhatsApp ya pa kompyuta aziona kawirikawiri gawo la Linked devices pa foni yake n'kuchotsa chilichonse chachilendo. Akuba akalanda WhatsApp ya wamalonda amayamba kupempha ndalama kwa makasitomala ake m'dzina lake, ndipo mbiri imene inamangidwa zaka zambiri imagwa tsiku limodzi.

Zinsinsi za makasitomala

M'makompyuta a m'mashopu opulinta mumadzaza zithunzi za ziphaso za unzika, masatifiketi a MSCE, ma CV okhala ndi manambala a foni, makalata a kubanki ndi a kuchipatala. Zambiri zimangokhala pa Desktop kapena mu Downloads kwa zaka. Zikagwa m'manja olakwika, anthu akhoza kuberedwa pogwiritsa ntchito mayina awo. Dziko lino lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 komanso la Data Protection Act la 2024, lomwe limapereka udindo kwa osunga mbiri za anthu ena kuti azizisamala. Chizolowezi chabwino ndi kufufuta mafayilo a makasitomala ntchito ikangotha, kapena madzulo aliwonse potseka shopu, osaiwala kukhuthula Recycle Bin. Chimene palibe sichibedwa.

Kusunga kope lina

Ngakhale zonsezi zitatsatidwa, tsiku lina zinthu zikhoza kuvuta. Si mavayirasi okha: hard drive yakale imafa, makamaka kumene magetsi amathimathima, ndipo akuba a zitseko nawo alipo. Chopulumutsa bizinesi ndi kope lina la mafayilo ofunika. Akatswiri amalangiza makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali ndi shopu.

Kwa wamalonda wamng'ono izi zikutanthauza kope la m'kompyuta, lina pa hard drive yapadera kapena fulashi yaikulu, ndi lina pa intaneti. Akaunti ya Google imapereka 15 GB yaulere, ya Microsoft imapereka 5 GB. Chofunika kwambiri n'chakuti hard drive yosungirayo izichotsedwa kukopera kukatha. Ikasiyidwa yolumikiza, vayirasi yokhoma mafayilo imakhoma zonse pamodzi. Tsiku losungira likhale lodziwika, monga Loweruka lililonse potseka, ndipo kamodzi pamwezi mwini wake atsegule mafayilo angapo kuti atsimikize kuti akutseguka. Kaundula wa angongole ndi bwino akhalenso m'kope la pepala.

Zikavuta

Zizindikiro za kompyuta yogwidwa ndi monga kuchedwa kwadzidzidzi, bandulo kutha msanga popanda chifukwa, antivayirasi kuzima yokha, mauthenga otsatsa malonda kungotulukira, ndi mafayilo kusintha mayina n'kukana kutseguka. Zikatere, choyamba ndi kuchotsa intaneti ndi kusiya kulowetsa mafulashi. Chachiwiri ndi kusintha mapasiwedi onse pogwiritsa ntchito chipangizo china, kuyambira imelo. Ngati zokhudza kubanki zinadutsapo, banki idziwitsidwe tsiku lomwelo. Nkhani za umbava wa pa intaneti zikhoza kukanenedwa kupolisi, ndipo bungwe la MACRA lili ndi nthambi yotchedwa Malawi CERT yoona za chitetezo cha pa intaneti.

Kulipira dipo kwa okhoma mafayilo si nzeru, chifukwa palibe chowakakamiza kupereka kiyi ndalama zikapita. Njira yodalirika ndi kufufuta zonse, kuika Windows kapena Linux mwatsopano, n'kubwezeretsa mafayilo kuchokera pa kope lija. Uthenga wotulukira pa sikirini wonena kuti kompyuta yagwidwa ndipo mwini wake aimbire nambala inayake ndi wa akathyali. Microsoft siika manambala a foni pa machenjezo ake, ndipo siimbira anthu foni yokha kuti iwakonzere makina.

Pogula kompyuta yogwirapo kale ntchito

Makampani akunja akamasintha makina awo, akalewo amathera m'misika ngati yathu, ena pamtengo wokopa. Wogula asatengeke ndi kunyezimira kwa chikuto kapena kungoona kuti yalembedwa Core i7. Core i7 ya m'badwo wa 4 ndi yakale kuposa Core i3 ya m'badwo wa 10. Aiyatse pomwepo, atsegule About n'kuwerenga yekha nambala ya purosesa. Ikakhala ya m'badwo wa 7 kutsika m'munsi koma ili ndi Windows 11, mwachidziwikire inaikidwa mokakamiza, ndipo mtengo wake uyenera kutsika. Aonenso pa Activation ngati Windows yake ndi yovomerezeka, ayese batire ndi mabowo a fulashi, ndipo atenge lisiti yolembedwa masiku a chitsimikizo. Akafika nayo kushopu, ndi bwino kuika Windows mwatsopano, popeza sakudziwa zimene mwini wake woyamba anasiyamo.

Ogulitsa makompyuta nawo ali ndi phunziro. Katundu wosakwanitsa Windows 11 azitsika mtengo pamene ogula akuzindikira, choncho pooda ndi bwino kufunsa m'badwo wa purosesa kusiyana n'kungowerenga kuchuluka kwa makina m'katoni. Kumuuza kasitomala zoona kumabweretsa kasitomala wina. Amene akugulitsa kapena kutaya kompyuta yake yakale ayambe wafufutiratu zonse za m'kati, chifukwa mafayilo ongofufutidwa wamba amatha kubwezeretsedwa.

Kuwerengera kwake

Chisankho chimadalira ntchito ya makinawo. Kompyuta yokwanitsa Windows 11 ikwezedwe msanga. Ya Windows 10 yosakwanitsa ilowetsedwe mu ESU ngati mwayiwo udakalipo, uku ndalama za ina zikusungidwa. Yongolembera katundu ndi kuona intaneti ikhoza kupita ku Linux. Ya Windows 7 kapena XP ikhale yotayipira ndi kupulintira basi, kutali ndi intaneti komanso kutali ndi ndalama.

Powerengera mtengo, wamalonda asaone ndalama za makina atsopano zokha. Mwachitsanzo, shopu yopeza K20,000 patsiku ikaima masiku asanu yataya K100,000, osawerengera malipiro a wokonza, ngongole zimene kaundula wake wasowa ndi makasitomala amene apita kwa woyandikana naye. Kuzimitsa AutoPlay, kupanga akaunti yachiwiri, kufufuta ziphaso za anthu ndi kukopera mafayilo pa fulashi ndi ntchito ya madzulo amodzi, ndipo ikhoza kuyamba lero potseka shopu.